Kachipangizo Kopana pa Chala: Nambala Yake Imatiuza Chiyani?

Mwina munapitapo ndi mwana kuchipatala, namwino n'kutulutsa kachinthu konga kopanira zovala pa chingwe, n'kukapana pa chala cha mwanayo kapena pa chala chachikulu cha kuphazi. Kamayaka kofiira, kenaka pamaoneka manambala awiri. Ena amaganiza kuti akuyeza malungo, ena amaopa kuti kakuyamwa magazi. Sikabaya ayi, ndipo sikatenga ngakhale dontho limodzi. Pa Chipwitikizi amakatcha oxímetro, pa Chingerezi pulse oximeter, ndipo ntchito yake ndi kuyeza kuchuluka kwa mpweya wa okosijeni m'magazi.

Tikapuma, okosijeni amalowa m'mapapo n'kunyamulidwa ndi magazi kupita m'thupi lonse. Magazi amene anyamula okosijeni wambiri amakhala ofiira kwambiri, pamene osowa okosijeni amakhala oderapo. Kachipangizoka kamaomba chala ndi kuwala kwa mitundu iwiri, kofiira kumene mumakuona kuja ndi kwina kosaoneka ndi maso, ndipo mbali inayo kamayeza kuwala kumene kwadutsa. Nzeruyi anaitulukira katswiri wa ku Japan, Takuo Aoyagi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970.

Nambala imodzi ndi kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi. Inayo, yolembedwa kuti SpO2, ndiyo ya okosijeni, ndipo musasokoneze ziwirizi. Munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 95 ndi 100. Ikatsika kuchepera 90, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mwanayo apatsidwe okosijeni.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chibayo chimadzaza madzi ndi mafinya m'mapapo, choncho mpweya umalephera kulowa m'magazi. Vuto n'loti kuchepa kwa okosijeni sikuoneka msanga ndi maso. Mwana angathe kukhala phee pamsana, amayi n'kumati wagona, pomwe thupi lake likulefuka. Mabuku amanena za milomo yosanduka yobiriwira, koma pa khungu lakuda ngati lathuli zimenezo zimavuta kuona mpaka zinthu zitafika poipa. Kafukufuku amene anachitika m'zipatala za kumidzi m'maboma a Lilongwe ndi Mchinji ku Malawi, wofalitsidwa mu 2016, anapeza kuti ana ambiri amene okosijeni wawo anali wotsika akanabwezedwa kunyumba pakanapanda kachipangizoka.

N'chifukwa chake namwino akakuuzani kuti nambala yatsika ndipo mwana atumizidwe ku chipatala chachikulu, kaya ndi ku Cuamba, kaya kwa a tsidya linalo ku Liwonde, musazengereze. Tikudziwa kuti ulendowo ndi wautali, umafuna ndalama, ndipo nthawi ya dzinja mpunga kudimba umakhala ukudikira. Komabe mapiritsi kapena jakisoni sizilowa m'malo mwa okosijeni. Mankhwala amatenga masiku kuti agonjetse matenda, pamene ubongo wa mwana sungadikire.

Koma kachipangizoka nakonso kamalakwitsa. Chala chikazizira, monga m'mawa wa mwezi wa Juni munthu akachokera kunyanja ya Chiuta, magazi sayenda bwino ndipo nambala imasokonezeka. Chimodzimodzi mwana akamaphiriphitha, kapena chikhadabo chikakhala chopakidwa utoto. Muthandizeni namwino pomugwira mwana modekha, ngakhale kumuyamwitsa, mpaka nambala itakhazikika.

Choopsa kwambiri ndi nambala yabwino yonamiza. Mwana amene malungo amuthera magazi angathe kuonetsa 98, chifukwa magazi ochepa otsalawo ndi odzaza okosijeni, koma sakukwanira thupi lonse. Munthu amene wakomoka chifukwa chogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka angaonetsenso nambala yokwera, pakuti kachipangizoka sikasiyanitsa mpweya wapoizoni wa makala ndi okosijeni. Ndipo mu 2020, nthawi ya COVID-19, madokotala a ku Michigan, ku America, anaonetsa kuti pa anthu akhungu lakuda nambalayi nthawi zina imakwera kuposa mmene zililidi. Choncho amene munagula kanu mumzinda, nambala ya 92 kapena 93 kwa munthu amene akubanika musaitenge mopepuka.

Kumudzi kumene kulibe kachipangizoka, maso anu agwire ntchito. Mwana akakhala chete, muvuleni malaya n'kuwerenga kapumidwe kake kwa mphindi yathunthu. Wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika 40, ndiye kuti akupuma mofulumira. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati akamakoka mpweya, akukana bere, akusanza chilichonse, akukomoka kapena akuvuta kudzutsa, nyamukani naye tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Mukafika, funsani mwaulemu kuti, "Anamwino, kodi mungamuyezeko mpweya pa chala?"