Poyambira pa Wofuna Kulemba Mapulogalamu a Foni ndi Kompyuta

Pakati pa anyamata ndi atsikana a m'mizinda yathu, ngakhalenso a m'maboma ndi m'misika ya kumidzi kumene netiweki idafika kale, alipo ambiri amene, atagwiritsa ntchito WhatsApp, Facebook ndi mapulogalamu otumizira ndalama kwa zaka zingapo, afika podzifunsa ngati iwonso sangathe kupanga chinthu chotero ndi manja awo. Koma pamene afuna kuyambapo, amapeza mayina a zinenero za kompyuta ali mbwee, uyu akuti Python, uyo akuti Kotlin, winanso akulumbirira Flutter, kotero kuti mtima umagwa mphwayi ntchito isanayambe n'komwe. Oterewa amve ichi poyamba: kulemba mapulogalamu ndi luso lophunzirika monga maluso ena onse, ndipo iye amene apirira pa chinenero chimodzi ndi pa ntchito imodzi yaing'ono kufikira itatha, ameneyo ndiye amafika kumene anzake a phuma safikako.

Tiyambe ndi kumvetsa chimene pulogalamu ili. Kompyuta, kaya ndi ya pa desiki, kaya laputopu, kaya foni ya m'manja, imenenso ndi kompyuta yaing'ono, ilibe nzeru zakezake zolingalira chimene mwini wake akufuna. Imangotsata malangizo amene yapatsidwa, limodzi pambuyo pa linzake, osaonjezapo kapena kuchotsapo kanthu, ndipo imatero ndi liwiro lofika malangizo mabiliyoni pa sekondi imodzi. M'kati mwake malangizowo ndi manambala a 0 ndi 1 okhaokha, amene munthu sangawalembe tsiku lonse osazungulira mutu. N'chifukwa chake akatswiri adapanga zinenero zoyandikira kalankhulidwe ka anthu, pamodzi ndi mapulogalamu ena omasulira zinenerozo kuti makina amve. Mmodzi mwa oyamba kupanga womasulira wotere adali mayi wa ku America, Grace Hopper, m'chaka cha 1952. Ndipo zaka zoposa zana m'mbuyo mwake, mu 1843, mayi wina wa ku England, Ada Lovelace, adali atalemba kale ndondomeko ya malangizo a makina owerengera amene Charles Babbage adawalingalira koma sadathe kuwamanga. Tsono mtsikana amene adauzidwa kuti ntchito iyi ndi ya amuna adziwe kuti adamunamiza.

Zinenero zilipo mazanamazana, koma mizati yake ndi yowerengeka, ndipo tiione pa chinthu chodziwika kwa aliyense. Taganizani gulu la banki mkhonde la anthu makumi awiri, limene msungichuma wake watopa ndi kuwerengetsa m'kope sabata ndi sabata. Wofuna kulembera gululi pulogalamu ayamba ndi kusunga zinthu pansi pa mayina: dzina la membala, ndalama imene wakongola, tsiku lobweza, malo osungiramo otere amatchedwa variable. Kenaka aphunzitsa makina kusankha: ngati tsiku lobweza lapita ndipo ngongole ikadalipo, onjeza chindapusa; ngati si choncho, siya momwemo. Chachitatu ndi kubwereza, kumene amakutcha loop: m'malo molemba malangizo omwewo kamakumi awiri, alemba kamodzi ndi kulamula kuti achitike pa membala aliyense kufikira mndandanda utatha. Chachinayi ndi kumanga malangizo angapo mtolo umodzi wokhala ndi dzina lake, function, kotero kuti pofuna chiwongoladzanja amangoitana dzinalo, nalipatsa K50,000 ndi mlingo wa 20 pa 100, ilo n'kubweza K10,000. Amene wagwira zinayi izi wagwira chimene chili m'mimba mwa pulogalamu iliyonse, kuyambira ya masewera a ana kufikira ya kubanki yaikulu. Ndipo aona yekha kuti masamu ofunika poyamba sapitirira a ku sekondale, ndi kuti mawu a Chingerezi amene chinenero chimafuna, monga if, else, for ndi return, ndi ochepa ndithu.

Funso loti ndiyambe ndi chinenero chiti lisagonetse munthu masiku ambiri. Kwa amene sadalembepo mzere ngakhale umodzi, Python, imene Guido van Rossum wa ku Netherlands adaitulutsa mu 1991, ndi khomo labwino: ndi yaulere, imawerengeka mosavuta, imayenda pa laputopu yakale popanda intaneti, ndipo ili ndi chida chotchedwa Tkinter chimene munthu angapangire kapulogalamu ka pa kompyuta kokhala ndi mabatani ndi mipata yolembamo. Koma chachikulu kuposa dzina la chinenero ndi kukhazikika pa icho. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Ndipo wophunzira amene sabata ino ali pa Python, yamawa pa JavaScript, ya mkucha pa china chimene wachimva kwa mnzake, amatha chaka akudziwa kulemba moni m'zinenero zisanu, wopanda pulogalamu imodzi yoti aonetse anthu. Amene wadziwadi chinenero choyamba savutika kwambiri ndi chachiwiri, pakuti mizati ija amaipeza ili pomwepo, yangovala malaya ena.

Kumbali ya mafoni, dziko lidagawika pawiri. Kuli Android ya kampani ya Google, imene foni yake yoyamba idatuluka mu 2008, ndipo ndiyo ili m'mafoni a Tecno, itel, Samsung ndi ena odzaza m'misika yathu. Kulinso iPhone ya kampani ya Apple. Mapulogalamu a Android poyamba ankalembedwa m'chinenero cha Java, chimene chidatuluka mu 1995, koma kuyambira mu 2019 Google idaika patsogolo Kotlin, chinenero cha kampani ya JetBrains, ndipo malo olembera ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Android Studio. A iPhone amalembedwa m'chinenero cha Swift, cha mu 2014, pogwiritsa ntchito Xcode, imene imayenda pa makompyuta a Mac okha. Nkhani ya ndalama nayo isabisike: woika pulogalamu yake m'sitolo ya Apple amalipira madola 99 chaka chilichonse, pamene ku Google Play amalipira madola 25 kamodzi kokha, komanso pulogalamu ya Android ingathe kupita kwa mnzako ngati fayilo ya APK, kudzera pa Bluetooth kapena pa fulashi, osadutsa m'sitolo konse. Poona zonsezi, wophunzira wa kuno amene afuna kuti ntchito yake ifike m'manja mwa anansi ake achita mwanzeru kuyambira ku Android.

Kwa makompyuta a m'maofesi, amene ambiri amayendera Windows, chinenero cha C# cha kampani ya Microsoft n'chodziwika. Ena amalemba mu JavaScript ndi chida cha Electron, chimene chidamanga ngakhale Visual Studio Code, pulogalamu imene alembi ambiri amalemberamo khodi yawo, ndiko kuti malangizo a pulogalamu. Zilipo tsono zida zimene zimalola munthu kulemba kamodzi ndi kutulutsa pulogalamu ya makina osiyanasiyana: React Native ya Facebook, ya mu 2015, imatumikira Android ndi iPhone, ndipo Flutter ya Google, imene idakhwima mu 2018 ndipo imalembedwa m'chinenero cha Dart, imafikanso ku Windows, Mac ndi Linux. Izi ndi zabwino, koma ndi za amene wayamba waima pa miyendo yake.

Nanga zipangizo? Android Studio ndi yolemera, ndipo kuti iyende bwino imafuna laputopu ya RAM yosachepera 8 GB, ndipo imafuna yoposa pamenepo pamene munthu atsegula foni yoyerekezera imene imaoneka pa sikirini ya kompyuta. Amene laputopu yake ndi yofooka asataye mtima, pakuti foni yake yomwe ingakhale poyesera: alowe mu Settings, apeze pamene palembedwa Build number m'gawo lofotokoza za foniyo, agogode pamenepo kasanu ndi kawiri, ndipo patseguka gawo lobisika la alembi a mapulogalamu, m'menemo ayatse USB debugging, alumikize foni ku laputopu ndi chingwe, ndipo chimene walemba chioneka m'dzanja lake lomwe. Ana asukulu, ndi aliyense amene kulemba kukumuopsa, angayambe ndi App Inventor ya sukulu ya MIT ku America, m'mene malangizo ndi timabuloko tolumikiza pa sikirini, koma chotulukamo ndi pulogalamu yeniyeni ya Android. Ndipo popeza magetsi amathima osatsanzika, laputopu n'kubedwa kapena kufa, wophunzira azolowere msanga Git, chida chimene Linus Torvalds adachipanga mu 2005, chosunga mbiri ya kusintha kulikonse kwa khodi, ndipo akapeza bandulo azitumiza ntchito yake ku GitHub, malo a pa intaneti osungirako khodi. Madzi akatayika saoleka.

Tifike tsono pa chimene chimabweza ambiri panjira, ndicho zolakwika. Palibe mlembi, ngakhale wa imvi, amene pulogalamu yake imayenda bwino nthawi zonse pa ulendo woyamba, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kufufuza pamene pavuta. Mu Python, kulemba Print ndi chilembo chachikulu m'malo mwa print kumaimitsa zonse, makina nanena kuti dzinalo sakulidziwa. Chinanso chodabwitsa alendo n'chakuti zinenero zambiri zimayamba kuwerenga mndandanda pa 0. Chotero m'gulu la banki mkhonde lija membala woyamba ali pa 0, womaliza ali pa 19, ndipo wofunsa wa pa 20 amalandira uthenga wa IndexError. Pa Android, kungotembenuza foni chopingasa kumachititsa kuti tsamba limene lili pa sikirini limangidwenso, ndipo zimene mlembi sadalamule kuti zisungidwe zimatha kusowa. Mauthenga ofiira amenewa si chiweruzo pa nzeru za munthu ayi. Amatchula mzere ndi mtundu wa vuto, ndipo amene aphunzira kuwawerenga modekha, mawu ndi mawu, wapeza mphunzitsi wosatopa. Zikakanika, akopere uthengawo ndi kuufufuza pa intaneti, pakuti pa Stack Overflow, kuyambira mu 2008, alembi a dziko lonse akhala akuyankhana mafunso otere. Safunsa adadya phula.

Pophunzirira palipo, ndipo pambiri ndi paulere. Maphunziro a CS50 a yunivesite ya Harvard, amene David Malan amaphunzitsa, ali pa intaneti. FreeCodeCamp, imene Quincy Larson adaiyambitsa mu 2014, imaphunzitsa mwa kupatsa munthu ntchito zoti achite. Google nayo ili ndi maphunziro ake a Android ndi Kotlin a oyamba kumene. Kuno kwathu maphunziro a za makompyuta ali ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo ndi ku Mzuni, ndipo ku Lilongwe kuli mHub, imene mayi Rachel Sibande adaiyambitsa, kumene achinyamata ndi ana akhala akuphunzira lusoli. Chenjezo ndi limodzi: monga munthu sasanduka telala pakukhala pakhonde kuonerera wina akupalasa makina, koteronso kuonera mavidiyo usiku wonse sikupanga mlembi, chitsanzo chilichonse achilembe ndi zala zake, achisinthe, achiwononge dala ndi kuchikonzanso. Zida zatsopano monga ChatGPT, imene idatuluka kumapeto kwa 2022, zimatha kulemba khodi ndi kufotokoza zovuta, koma nthawi zina zimalakwa molimba mtima, ndipo amene amata khodi imene sakuimvetsa adzasowa pogwira tsiku limene idzakanike.

Pulogalamu yoyenera kuno iyenera kudziwa kumene ikukhala. Bandulo ndi yodula, netiweki imabwera ndi kupita, mafoni ambiri ali ndi malo ochepa. Chotero mlembi wanzeru amasunga zinthu m'foni momwemo, pogwiritsa ntchito SQLite imene ili kale mu Android, ndi kuzitumiza pokhapokha netiweki ikapezeka. Kuti kupanga mapulogalamu oyenera kuno n'kotheka tidazionera ku bungwe la Baobab Health, limene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 lidaika pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe makompyuta ogwira ntchito pongokhudza sikirini, olembera odwala ndi kusindikiza kapepala komata pa buku la kuchipatala. Ntchitoyo idakula m'manja mwa alembi a Chimalawi kufikira kutumikira zipatala zambiri zopereka mankhwala a ARV. Pamenepa palinso phunziro la udindo: mayina a anthu, matenda awo ndi ngongole zawo ndi zinsinsi zimene mlembi wangosungitsidwa, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la mu 2024 loteteza zinthu zotere.

Chotero woyamba asalote zogonjetsa WhatsApp. Apatule ola limodzi tsiku lililonse, pakuti kuchita pang'ono kosalekeza kumapindula koposa kudzipanikiza Loweruka lokha. Adziwe mizati inayi ija m'chinenero chimodzi. Kenaka asankhe vuto laling'ono la pafupi, kaundula wa katundu wa m'golosale ya amalume ake, kapena chokumbutsa mayi tsiku la katemera wa mwana ku sikelo, ndipo alimalize, lingakhale losaoneka bwino. Atatero apereke foni yokhala ndi pulogalamuyo kwa mwini vutolo, iye akhale chete n'kumapenya pamene chala chikukayika ndi pamene nkhope ikuchita tsinya, pakuti pamenepo ndi pamene alandire mndandanda wa ntchito ya mawa lake. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, ndipo pulogalamu yachiwiri idzakhala yabwino kuposa yoyamba kwa iye yekha amene yoyambayo adaimaliza.