KWELA: ZITOLIRO ZIMENE ZINAOLOKA NYANJA

Akulu-akulu a ku Chipata, Katete ndi Petauke akali kukumbukira masiku amene anyamata anali kubwerako ku nchito za ku Salisbury, Bulawayo ndi Johannesburg atasenza galamafoni ndi malekodi. Pa malekodi ena panalibe mau oyimba konse. Panali kulira citoliro ndi gitala cabe, koma anthu anabvina mpaka fumbi koboo. Nyimbozo zinali kuchedwa kwela.

Kwela inabadwira m'makomboni a anthu akuda ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950. Anyamata osauka anali kuliza zitoliro zacitsulo za mtengo wocepa m'mbali mwa miseu, odutsa nawaponyera makobili. Wodziwika koposa pakati pao anali Spokes Mashiyane.

Mu 1958 nyimbo ya "Tom Hark", ya gulu la ku Alexandra lochedwa Elias and His Zig Zag Jive Flutes, inafika pa nambala 2 mwa nyimbo zogulidwa koposa ku Britain. Azungu sanasowe womasulira, pakuti citoliro cilibe cilankhulo.

Akale anati mlendo abwera ndi kalumo kakuthwa. Abale awiri a ku Chileka m'Malawi, Daniel ndi Donald Kachamba, anaiphunzira kwela ku Salisbury, naiyimba mwa njira yao mpaka inamveka ku Ulaya.

Koma comvetsa cisoni ndi ici: anyamata a "Tom Hark" analandira ndalama zocepa cabe. Phindu lalikulu linapita kwa eni malekodi, osati kwa eni mpweya.