Azakhali asanavale yunifolomu, tinayamba tawerenga

Azakhali anga amagula ndi kuyanika matemba padoko la Kachulu. Ntchitoyi anayiyamba kale, nyanja ya Chilwa isanaphwe mu 1995, ndipo itaphwanso mu 2018 anakagwira maganyu m'minda ya mpunga ku Likangala mpaka madzi atabwerera. Ndi mayi wamasiye, Mkatolika wosajomba kumphakati.

Chaka chatha anandiitanitsa n'kundiuza kuti atsimikiza mtima: akufuna kulowa gulu lachitatu la Francis Woyera wa ku Assisi, lomwe ambiri timangoti Third Order.

“Chakukopani n'chiyani, azakhali?” ndinawafunsa.

“Iwe sunaone maliro a mnzanga uja? Anzake a m'gulumo anagona pasiwa masiku awiri, nyimbo osalekeza. Nanga ine ndikadzatsikira kulichete adzandiimbire ndani?”

Sindinawaseke. Munthu amene anaika mwamuna ndi ana awiri m'manda sungamuletse kuganizira za maliro ake. Koma nditawafunsa ngati anawerengapo malamulo a gululo, anandiyang'ana ngati ndawafunsa mtengo wa ndege.

Ambiri sitisiyanitsa mabungwe a mumpingo ndi magulu achitatuwa. Legio ya Maria, yomwe Frank Duff anayambitsa ku Dublin mu 1921 ndipo Edel Quinn anadzayifalitsa kuno dziko likadali Nyasaland, ndi bungwe la utumiki, ndipo munthu zikamuvuta angathe kupuma. Gulu lachitatu ndi nthambi ya chipani chenicheni, monga cha Afransisko, Akarimeli kapena Adominiko, yomwe muli akhristu eni ake okhala m'mabanja mwawo, olima ndi ochita malonda. Sachita malumbiro ngati a asisiteri, koma akamaliza maphunziro amalonjeza pamaso pa mpingo, ndipo lonjezolo ndi la moyo wonse. Kwa Afransisko maphunzirowo sachepera chaka chimodzi. Kwa Akarimeli a chipani cha Ambuye George Tambala, amene anali episkopi wathu wa Zomba asanapite ku Lilongwe mu 2021, munthu amatha zaka zisanu kapena kuposerapo asanachite lonjezo lomaliza, ndipo tsiku lililonse amayenera kupatula theka la ola la pemphero lachete.

Munthu sagula munda asanauyendere malire ake. Choncho tinapangana ndi azakhali kuti Lachitatu lililonse madzulo tiziwerenga.

Malamulo a Afransisko a m'mabanjawa si buku lalikulu ayi. Papa Paul VI anawavomereza pa 24 Juni 1978, ndipo ali ndi ndime 26 zokha m'mitu itatu. Kope lomwe ndinabwereka linali la Chingerezi, pamene azakhali sukulu analekezera Sitandade 4, maso nawonso ayamba kuchita nkhungu. Ndiye ine ndinkawerenga ndime imodzi pa nyale ya sola n'kuimasulira, iwo n'kumandidula pakamwa ndi mafunso.

Masabata oyamba zinayenda bwino. Za pemphero, za Ukaristia, za kulemekeza Amayi Maria, zonsezi ankangogwedeza mutu. Tinaima titafika pa ndime ya 11, yonena za kuchepetsa zofuna zathu ndi kusamangirira mtima pa chuma.

“Tabwereza,” anatero. Ndinabwereza.

“Francis ameneyu kwawo kunali kotani?”

Ndinawauza kuti bambo ake anali mkulu wolemera wogulitsa nsalu, ndipo mnyamatayo anasiya zonse mwa kufuna kwake.

“Ndiye iyeyo umphawi anachita kusankha. Ine unandipeza wokha. Akuti ndichepetse chiyani, beseni limodzi lomweli?”

Funso limeneli sindinaliyankhe usiku umenewo, ndipo ndikhulupirira kuti aliyense wa kuno kunyanja amene akuganiza zolowa gululi ayenera kulimbana nalo asanasoketse yunifolomu. Umphawi umene Francis anaukonda si njala ya mu Febuluwale kapena mwana kubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Malamulowo sauza munthu wapabanja kuti ataye katundu wake. Akuti adzione ngati wosunga chabe wa zomwe ali nazo, zambiri kapena zochepa, kuti zithandizenso ena. Azakhali anakhala nawo mawuwa sabata yathunthu. Lachitatu lotsatira anandiuza okha kuti chomwe mtima wawo wamangirirapo ndi bwato la malemu amuna awo, limene akhala akukanganirana ndi alamu awo zaka zisanu ndi chimodzi osapatsana moni.

Ndime ya 18 inawawawa kuposa pamenepo. Imanena za kulemekeza zolengedwa zonse ndi kupewa kuzidyera masuku pamutu. M'tawuni munthu angawerenge zimenezi n'kumaganiza za maluwa ndi mbalame. Ku Kachulu ndimeyi ikunena za tinsomba tating'onoting'ono togwidwa ndi masikito, komanso nsomba zobwera usiku m'miyezi ya mvula imene boma limatseka nyanja kuti ziswane. Azakhali sanakwerepo bwato kukaponya khoka, koma ogula ndi iwo, ndipo nsomba zotchipa ndi zomwezo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati: “Maliro aja sanandiuze zimenezi.”

Kuchokera pamenepo ndaphunzirako pang'ono za zimene munthu wofufuza moyo umenewu angawerenge. Choyamba ndi Mthenga Wabwino, chifukwa malamulo a Afransisko eni akewo akuti moyo wawo ndi kutsata Mthengawo basi. Mwayi wake ulipo m'Chichewa, kaya m'Malembo Oyera a 1966 omwe agogo athu anazolowera, kaya m'Buku Loyera la 1998 lomwe Chichewa chake n'chosavuta. Ife tinasankha Luka, ndipo timawerenga kachigawo kamodzi, kawiri, pang'onopang'ono. Kenako malamulo a chipanicho, ndiponso mbiri ya amene anachiyambitsa. Ngati mbiri ya Francis kapena ya Teresa wa ku Avila sikukugwirani mtima, musadzikakamize chifukwa choti anzanu ali kumeneko.

Mabuku ena otchuka ndi ofunika kusamala nawo. The Imitation of Christ la Thomas à Kempis ndi buku lozama, koma analembera anthu a m'nyumba ya amonke, ndipo mayi wa ana asanu akaliwerenga yekha angayambe kuona ngati banja lake ndi chopinga pa njira ya kumwamba. Ine ndingayambe ndi Introduction to the Devout Life la Francis de Sales, lomwe linatuluka mu 1609. Iyeyu analembera dala anthu apabanja ndi apantchito, ndipo mfundo yake ndi yoti mapemphero amene akusokoneza udindo wa munthu pakhomo pake ndi olakwika penapake. Amene akukopeka ndi Akarimeli ayambe ndi Story of a Soul la Thérèse wa ku Lisieux, mtsikana amene anamwalira mu 1897 ali ndi zaka 24. Mabuku a John of the Cross adikire kaye, amafuna wina wokutsogolera.

Vuto lathu n'lakuti mabuku amene ndinawapeza onse anali m'Chingerezi, ndipo mtengo wa limodzi kuphatikiza thiransipoti yopita ku Zomba kapena ku Balaka, komwe a Montfort Media amasindikiza mabuku, ndi ndalama ya mabeseni angapo a matemba. Apa a Legio anatitsogolera kale: pamsonkhano wawo wa sabata iliyonse amawerenga mokweza kachigawo ka buku la uzimu, ndipo osadziwa kuwerenga amamva nawo. Magulu achitatu ndi miphakati angachite chimodzimodzi kwa ofuna kulowa, buku limodzi n'kukwanira anthu khumi. Ndipo ansembe ndi akatekisiti athu akanaonetsetsa kuti aliyense wamva ndime 26 zija m'chilankhulo chake asanalembedwe dzina.

Azakhali sanalowe mpaka pano, komanso sanasiye. Amapita kumisonkhano ya gululo ngati mlendo, ndipo anauza atsogoleri ake kuti awapatse chaka china. Nsomba za masikito anasiya kugula, ngakhale amadandaula Lachitatu lililonse kuti phindu latsika. Za bwato zija sizinathe. Mwezi watha anakumana ndi alamu awo kumsika wa Jali n'kuwapatsa moni, koma alamuwo anangoyang'ana kumbali.

Mu Luka tafika mutu 12, pamene munthu wina akupempha Yesu kuti auze mbale wake agawane naye chuma chamasiye. Azakhali anandiuza kuti nditseke buku, tidzapitiriza sabata yamawa.