Banja la Paulendo: Mary ndi David Livingstone

Palibe mwana wa sukulu muno m'Malawi amene sadamvepo dzina la Dotolo David Livingstone. Ana amadziwa kuti mzinda wa Blantyre udatenga dzina la mudzi umene iye adabadwiramo ku Scotland, ndiponso kuti m'mwezi wa Sepitembala 1859 adafika pa Nyanja ya Malawi. Koma mphunzitsi akafunsa za mkazi wa munthu wotchukayu, kalasi lonse limangoti chete. Komatu mayi ameneyu, dzina lake Mary, adadutsa chipululu cha Kalahari kawiri konse pamodzi ndi mwamuna wake, ndipo pa maulendo onse awiri adali ndi pathupi, kwinaku akulera ana atatu m'ngolo ya ng'ombe. Mbiri ya banjali ili ndi phunziro limene anthu okhalira kuyenda amachedwa kulizindikira: mwamuna ndi mkazi akamati "kwathu", kawirikawiri sanena malo amodzi.

Kwawo kwa David, kwawo kwa Mary

David adabadwa m'chaka cha 1813 m'banja losauka, ndipo ali ndi zaka 10 adayamba ntchito m'fakitale yopota thonje. Atatsiriza maphunziro a udotolo ndi a Mawu a Mulungu, bungwe la London Missionary Society lidamtumiza ku Africa, kumene adafika m'chaka cha 1841. Kwa iye Africa udali munda wokagwiramo ntchito, koma kwawo kudali ku Scotland.

Za Mary zidali zina. Iye adabadwa m'chaka cha 1821 ku Griquatown m'dziko la South Africa, ndipo adali mwana wachisamba wa Robert ndi Mary Moffat, amishoni a ku Kuruman. Adakulira pakati pa Atswana, ndipo chiyankhulo chawo ankachiyankhula ngati mwini wake. Ku Britain adangokhalako zaka zinayi, kuyambira 1839 mpaka 1843, ndipo apo n'kuti ali m'manja mwa makolo ake. Khungu lidali lachizungu, koma mchombo wake udagwera ku Africa.

Chimene chidawayandikizitsa awiriwa ndi ngozi. M'chaka cha 1844 mkango udagwira David ku Mabotsa n'kumtswanya fupa la mkono wamanzere. Iye adapita kukapuma ku Kuruman, kumene Mary ankaphunzitsa ana, ndipo m'mwezi wa Januwale 1845 adamanga ukwati.

Banjali silidazike mizu pamalo amodzi. Lidayambira ku Mabotsa, lidasamukira ku Chonuane, ndipo m'chaka cha 1847 lidakamanganso ku Kolobeng, m'dziko limene lero ndi Botswana, pakati pa anthu a mfumu Sechele. Kumeneko kudalibe sitolo. Sopo ndi makandulo Mary ankapanga yekha, buledi ankaphika mu uvuni wokumba pachulu, ndipo atatha zapakhomo ankapita kukaphunzitsa ana. Atswana adamutcha MmaRobert, ndiye kuti amake Robert, monga momwe kunonso mayi amatchulidwira dzina la mwana wake woyamba. Koma chilala chidakula mpaka mtsinje wa Kolobeng udaphwa, ndipo maso a David adayamba kuyang'ana kumpoto.

Moyo wa m'ngolo

M'chaka cha 1849 David adafika pa Nyanja ya Ngami osatenga banja lake. Chaka chotsatira adabwererako ndi Mary ndi ana atatu, Robert, Agnes ndi Thomas, wamkulu ali ndi zaka 4 zokha. Ngolo ndiyo idali nyumba yawo: mogona, mosungira ufa ndi migolo ya madzi, ndiponso mobisalira dzuwa. Mumchenga wakuya ng'ombe zinkayenda monyang'wa, ndipo ulendo wonse unkadalira kupeza chitsime ng'ombezo zisadafooke. Kumene kudali madzi ambiri kudalinso udzudzu ndi kashembe, ntchentche imene imapha ng'ombe. Atafika pa nyanjayo ana awiri adadwala malungo, ndipo banjali lidabwerera. Atangofika ku Kolobeng mu Ogasiti 1850, Mary adachira mwana wamkazi, Elizabeth, amene adamwalira patangotha masabata asanu ndi limodzi. Mary mwini adadwala kotero kuti mbali imodzi ya nkhope yake idalemala kwa kanthawi.

Amake Mary atamva kuti mkamwini wawo akukonzanso ulendo wina mwana wawo ali ndi pathupi pena, adamlembera kalata yaukali. Koma mu Epulo 1851 ngolo zidanyamuka, ndipo mnzawo William Oswell, mlenje wachuma amene ankathandiza kulipira maulendowa, adali nawo. Padali zifukwa zotengera Mary. David ankafuna kukakhazikitsa mishoni pakati pa Amakololo, ndipo mlendo wobwera ndi mkazi ndi ana sakayikiridwa kuti wadzera nkhondo. Kuwonjezera apo, Robert Moffat adali bwenzi la Mzilikazi, mfumu ya Amandebele amene Amakololo ankawaopa. Mwana wa Moffat akadakhala pakati pawo akadakhala ngati chishango. Tsono Mary sadali katundu wongonyamulidwa. Dzina la bambo ake ndi Chitswana chake zinkatsegula njira.

Ulendowu udatsala pang'ono kuwatha onse. Wowalondolera njira adasokera kenaka n'kuwasiya, ndipo madzi ambiri a m'migolo adatayika. Ana ankalira ndi ludzu, ndipo madzi adapezeka pa tsiku lachisanu. David adavomera pambuyo pake kuti adaopa kuti anawo afera m'maso mwawo, ndi kuti Mary adapirira osamnena kanthu. Adafika pa mtsinje wa Chobe n'kuonana ndi mfumu Sebetwane, koma mfumuyo idamwalira ndi chibayo patangopita masabata owerengeka. Pobwerera, mu Sepitembala 1851, Mary adachira mwana wamwamuna m'tchire, m'mbali mwa mtsinje wa Zouga, ndipo adamutcha William Oswell.

Kutumizidwa kwawo kwa eni

Apa David adagamula kuti mkazi ndi ana apite ku Britain, kumene anawo akaphunzire kutali ndi malungo, iye atsale akufunafuna njira yotulukira ku nyanja ya mchere. Pa 23 Epulo 1852 Mary ndi ana anayi adakwera sitima ya pamadzi ku Cape Town. Pangano lidali lakuti adzaonana pakatha zaka ziwiri. Miyezi yowerengeka pambuyo pake Mabunu a ku Transvaal adathira nkhondo anthu a Sechele, ndipo nyumba ya ku Kolobeng idaphwasulidwa, mabuku kung'ambidwa, mankhwala kutayidwa. Kuyambira pamenepo banjali silidakhalenso ndi nyumba yakeyake.

M'maganizo a David, iye adatumiza banja lake kumudzi. Koma Mary adakafika ku Hamilton, kwa apongozi ake, ngati mtengwa amene mwamuna wake wamsiya pakhomo pa eni n'kuchoka. Makolo a David adali anthu osauka ndi a malamulo okhwima pa zachipembedzo, ndipo sipadapite nthawi yaitali asadasemphane ndi mpongozi wawoyo. Mary adachoka n'kumakhala m'nyumba za lendi, lero kuno mawa uko, ku London, ku Manchester ndi kwina. Ndalama zimene bungwe la mishoni linkampatsa sizinkakwana, ndipo adalowa m'ngongole. Mayi amene ankatha kupanga sopo m'chipululu adasowa pogwira m'dziko limene chilichonse chinkafuna ndalama, ndipo kuzizira kudamfooketsa. Atadwala kwambiri, amene adamlandira ndi kumdwazika ndi banja la a Braithwaite a ku Kendal, anthu osakhala abale ake. Olemba mbiri ambiri amanena kuti m'zaka za kusungulumwa kwake adayamba kumwa mowa.

Nthawi yonseyi David adali pa ulendo umene udamtchukitsa. Adafika ku Luanda, kugombe la kumadzulo, mu Meyi 1854. Kumeneko adapatsidwa malo m'sitima yopita ku Britain, koma adakana chifukwa adalonjeza kubweza kwawo Amakololo 27 amene adamperekeza. Sitima imene idanyamula makalata ake idamira panjira. Adatembenuka kulowera kum'mawa, adaona mathithi a Mosi-oa-Tunya mu Novembala 1855, ndipo adafika ku Quelimane mu Meyi 1856. Lonjezo la kwa Amakololo adalisunga. La kwa mkazi wake lidatalika kuchoka pa zaka ziwiri kufika pa zinayi ndi theka.

Mlendo pakhomo pake

David adafika ku Britain mu Disembala 1856, bambo ake atamwalira kale kumayambiriro kwa chaka chomwecho. Dziko lonse lidamlandira ngati ngwazi. Koma ulendo wobwerera kumudzi uli ndi eni ake ambiri. Miyezi yambiri idathera pa kulemba buku la maulendo ake, limene lidatuluka m'chaka cha 1857 n'kumpezetsa ndalama zochuluka. Ina idathera pa misonkhano m'mizinda, kuphatikizapo wa ku Cambridge mu Disembala 1857, ndi pa kukaonana ndi Mfumukazi Victoria. Ana adapeza bambo amene ankangomudziwa m'makalata, ndipo asadamzolowere adayambanso kumanga katundu. Akuluakulu adati mlendo ndi mame.

Mary adatsimikiza mtima kuti sadzatsalanso. Mu Malichi 1858 adanyamuka ndi mwamuna wake pa sitima yotchedwa Pearl, atatenga Oswell yekha, ana atatu aakulu atawasiya pa sukulu. Ali panyanja zidadziwika kuti ali ndi pathupi. Pa Cape Town adatsika n'kupita ndi makolo ake ku Kuruman, kumene Anna Mary adabadwa mu Novembala 1858. Uwu ndiwo udali ulendo wake weniweni wa kumudzi, koma adauyenda popanda mwamuna wake. David, amene mathithi a Kebrabasa adamtsekera njira pa Zambezi mpaka adakhotera mu Shire, adamva za mwanayo patapita pafupifupi chaka chathunthu. Kasitima kamene ankayendera pa Shire kadali ndi dzina lakuti Ma Robert, koma mwini dzinalo adali kutali, ndipo posakhalitsa adabwerera ku Scotland kukaona ana ake ena.

Pansi pa mlambe

M'chaka cha 1861 Mary adasiya ana onse ku Britain, ngakhale Anna Mary amene adali asadakwanitse zaka zitatu, n'kunyamuka kukapeza mwamuna wake. Adayenda ndi mbusa wachinyamata James Stewart, amene pambuyo pake adapereka ganizo loyambitsa mishoni ya Livingstonia. Adafika pamene Zambezi amathira m'nyanja ya mchere kumapeto kwa Januwale 1862, pa sitima imene idanyamulanso zidutswa za sitima ina, Lady Nyassa, yoti ikayende pa Nyanja ya Malawi kukalimbana ndi malonda a akapolo. Katunduyo adali wolemera, ndipo ulendo udachedwa m'madambo a udzudzu m'nyengo yoipa ya malungo. Mary adadwala, ankasanza kwinini yense amene ankapatsidwa, ndipo pa 27 Epulo 1862 adamwalira ku Shupanga m'dziko la Mozambique, ali ndi zaka 41. Adaikidwa pansi pa mtengo wa mlambe. Mtsinje wa Shire ndi Nyanja ya Malawi sadazione.

Ukwati wawo udatha zaka 17, koma pa zaka khumi zotsiriza, nthawi imene adakhalira limodzi sidakwane zaka ziwiri. Mtengo wa maulendowa adaulipiranso ana. Robert adapita ku Natal kufuna kukapeza bambo ake koma adalephera, ndipo adakathera ku America, kumene adalowa usilikali pa nkhondo yapachiweniweni n'kufera m'ndende ya adani m'chaka cha 1864, ali ndi zaka 18. Chaka chomwecho David adabwerera ku Britain komaliza, ndipo Anna Mary adaona nkhope ya bambo ake koyamba ali ndi zaka 5.

Ntchito ya David siichepa chifukwa cha zimenezi. Zimene adalemba zokhudza ukapolo wa m'chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja ndizo zidakoka amishoni amene adafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875 ndi ku Blantyre m'chaka cha 1876. Koma mnyamata kapena mtsikana amene akuyamba ntchito yosamukasamuka, monga uphunzitsi, upolisi kapena unamwino, ndipo wapeza banja kutali ndi kwawo, angapindule poiganizira mbali inayi ya mbiriyi. Mary adapirira ludzu la m'Kalahari chifukwa adali m'dziko limene ankalidziwa ndiponso pambali pa mwamuna wake. Chimene chidamgonjetsa ndi nyumba za lendi za dziko limene ena ankalitcha kwawo. Kusiya mkazi kapena mwamuna kwa apongozi n'kumati ali kumudzi kumafuna kuyamba wafunsa kuti mudziwo ngwa yani.

David adamwalira mu Meyi 1873 kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia. Susi, Chuma ndi anzawo adanyamula mtembo wake miyezi yambiri mpaka kugombe la Bagamoyo, ndipo mu Epulo 1874 adaikidwa m'tchalitchi cha Westminster Abbey ku London, pakati pa mafumu ndi anthu otchuka. Iye adabwerera kudziko la kwawo. Manda a Mary adatsala ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi, kutali ndi Kuruman kumene adakulira, kutalinso ndi mwamuna amene adamlondola maulendo onsewo.