Makina Othandiza Kupuma: Kodi Amagwira Ntchito Bwanji?

Achinyamata ambiri tinamvapo anthu akunena kuti wodwala akaikidwa pa makina othandiza kupuma ndiye kuti zake zada. Kodi zimenezi n'zoona?

Mapapo akavulala

M'mapapo mwathu muli timatumba ting'onoting'ono tambirimbiri momwe mpweya wa okosijeni umadzera polowa m'magazi. Chibayo choopsa, ngozi kapena matenda ofalikira m'magazi zimatha kuchititsa kuti timatumbati tidzaze madzi, munthu n'kumabanika. Vutoli madokotala amalitchula kuti ARDS. Chibayo cha PCP, chomwe chimagwira anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV chitetezo chikatsika kwambiri, chimathanso kufikitsa munthu pamenepa.

Zikatere, madokotala amagoneka wodwala ndi mankhwala, n'kumulowetsa kapaipi kukhosi kuti makina azimupopera mpweya. Makinawa sachiza matenda. Amangopumira wodwalayo podikira kuti mankhwala agwire ntchito ndipo mapapo achire.

Kupopa mpweya wochepa

Kale madokotala ankapopa mpweya wambiri nthawi imodzi. Koma mapapo odwala ali ngati chubu chanjinga chofooka: ukachipopa kwambiri chimang'ambika. M'chaka cha 2000, ku America kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa odwala 861. Ena ankapatsidwa mamililita 12 a mpweya pa kilogalamu iliyonse ya thupi lawo, pamene ena ankapatsidwa 6 okha. Mwa odwala 100 alionse opatsidwa mpweya wambiri, pafupifupi 40 anamwalira. Mwa opatsidwa wochepa, anamwalira 31.

Makina amasiyanso mphamvu pang'ono ya mpweya m'mapapo pamene wodwala akutulutsa mpweya, kuti timatumba tija tisatsekeke.

Kugoneka chafufumimba

Odwala kwambiri amagonekedwa chafufumimba kwa maola 16 kapena kuposerapo, kuti mbali yakumsana ya mapapo itseguke. Kafukufuku wa 2013 ku France ndi Spain anapeza kuti njirayi inachepetsa imfa kuchoka pa 33 kufika pa 16 mwa odwala 100 alionse.

Tichitepo chiyani?

Makinawa sapha. Amene amaikidwapo amakhala atadwala kale kwambiri, ndipo ambiri amachira. Komabe kuno kwathu makinawa ndi ochepa. Choncho tiyezetse magazi, timwe ma ARV ndi Bactrim monga momwe achipatala atiuzira. Mnzathu akayamba kubanika kapena kupuma mothamanga, tisadikire kuti kuche. Timutengere kuchipatala nthawi yomweyo.