Kuwerenga Kukavuta, Mayeso Onse Amavuta

Zotsatira za MSCE zikatuluka, makolo ambiri amaloza chala masamu ndi sayansi. Chikhalirecho vuto la ophunzira ambiri lili pamzere woyamba wa pepala la mayeso: amatchula bwinobwino mawu a funso, koma sagwira chomwe funsolo likufuna.

Taonani zomwe zimachitika m'chipinda cha mayeso. Funso la zaulimi likufuna kuti wophunzira ayerekeze manyowa ndi feteleza, atchule pofanana ndi posiyana. Iye atangoona mawu oti feteleza, akukhuthula zonse zomwe analoweza m'manotsi, masamba awiri athunthu, koma osayerekeza kanthu. Wochonga mayeso sangamupatse malikisi. Ku masamu nako n'chimodzimodzi. Mwana wodziwa kuchulukitsa ndi kugawa amagwa pa funso lolembedwa ngati nkhani, chifukwa sanamve kuti wagula ndani, wagulitsa ndani.

Kupatula maphunziro a zilankhulo monga Chichewa, bungwe la MANEB limafunsa mayeso m'Chingerezi. Kuti munthu apeze satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza maphunziro 6, ndipo Chingerezi chisasowepo. Choncho wofooka powerenga amalangika kawiri: pa Chingerezi penipenipo, ndiponso pa bayoloje, mbiri yakale ndi jogalafe.

Vutoli limachokera ku pulayimale. Boma litachotsa fizi m'chaka cha 1994, ana anakhamukira kusukulu kuposa kuchuluka kwa aphunzitsi, makalasi ndi mabuku. Kafukufuku wa SACMEQ wa 2007 anaika ana a Sitandade 6 a ku Malawi kumapeto pa luso lowerenga pakati pa mayiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa omwe anayesedwa. N'chifukwa chake mu 2016 unduna wa zamaphunziro, mothandizidwa ndi USAID, unakhazikitsa ndondomeko ya National Reading Programme ya ana a Sitandade 1 mpaka 4.

Nanga omwe anafika kale ku sekondale? M'sukulu zambiri zoyendera za CDSS buku limodzi limagwiritsidwa ntchito ndi gulu lonse, kapena limakhala ndi mphunzitsi yekha. Iye amalemba pabolodi, ana n'kukopera. Pofika Fomu 4, wophunzira wina amakhala asanawerengepo mutu wathunthu payekha n'kuufotokoza m'mawu akeake. Mtsikana woyenda mtunda wautali, yemwe akafika pakhomo amayenera kukatunga madzi ndi kuphika, amatsegula kope usiku ndi tochi ya pafoni, maso atalemera kale.

Mwayi wake, luso limeneli limakula ndi chizolowezi. Wowerenga nyuzipepala, nthano kapena Baibulo tsiku ndi tsiku amakumana ndi mawu atsopano, amazolowera ziganizo zazitali, ndipo pa mayeso amamaliza msanga kuwerenga n'kutsala ndi nthawi yoganiza. Kuwerenga Chichewa sikutaya nthawi ayi, pakuti wodziwa kupeza mfundo yaikulu ya ndime m'chilankhulo chake savutika kuchita zomwezo m'Chingerezi. M'mizinda ndi m'maboma ena muli malaibulale a National Library Service komwe ophunzira angabwereke mabuku.

Makolo, musamangofunsa kuti mwana wakhala nambala chani. Mupatseni ndime imodzi awerenge, atseke buku, kenako akuuzeni zomwe wamva. Akakakamira, kambiranani ndi aphunzitsi ake akadali Fomu 1.