Mau a atsogoleri pa foni: cimene cimakopa anthu kulandira katemera kapena kumukana

LIVINGSTONE - Mu komboni ya Nakatindi, kufupi ndi mseu wopita ku Kazungula, mbiri ya matenda masiku ano simayamba kufika ndi namwino wa pa kiliniki. Imafika pa foni, m'magulu a WhatsApp a mpingo, a pa msika ndi a cibale, ndipo kawirikawiri imabwera ndi nkhope ya munthu wodziwika: nduna, m'busa, woimba kapena mtsogoleri wa dziko.

Cifukwa cake n'cosavuta kumvetsa. Mai wogulitsa tomato sangathe kupima yekha ngati katemera ndi wabwino. Iye amayang'ana munthu amene amamukhulupirira, nacita zomwe munthuyo wacita. Ndipo kanema wa mtsogoleri akabwera kudzera kwa azakhali kapena kwa mkulu wa mpingo, amakhala ndi mboni ziwiri, wolankhulayo ndi wotumizayo.

Mphamvu imeneyi si ya lero. Mu 1987, pamene matenda a Edzi anali kuchulidwa monong'ona, mtsogoleri woyamba wa dziko lino, malemu Dr. Kenneth Kaunda, anaulula poyera kuti mwana wao Masuzyo, amene anamwalira mu Disembala 1986, anafa ndi matendawa. Pambuyo pake malemu Winstone Zulu anakhala munthu woyamba m'Zambia kulengeza kuti ali ndi kacilombo ka HIV. Koma masiku amenewo mau anali kudutsa kwa akonzi a wailesi ndi a nyuzipepala asanafike kwa anthu. Pa Facebook palibe mkonzi. Zolankhula za ola lathunthu zimadulidwa kukhala kamphindi kamodzi, tsiku lake n'kucotsedwa, ndipo zimayenda mpaka kuoloka malire.

Zinaoneka bwino pa nthawi ya Covid-19. Mu Januwale 2021, mtsogoleri wa dziko la Tanzania, malemu John Magufuli, anacenjeza anthu ao kuti katemera wocokera kunja ndi woopsa, ndipo anali kulimbikitsa kufukiza thupi ndi nthunzi. Mau amenewa anamveka m'cigawo conse katemera asanafike n'komwe kuno. Atamwalira a Magufuli mu Malichi caka comweco, wolowa m'malo mwao, mai Samia Suluhu Hassan, anabaitsa katemera pamaso pa makamera mu Julaye. Dziko ndi lomwelo, matenda ndi omwewo, koma uthenga unasintha cifukwa pampando panakhala munthu wina.

Kuno kwathu katemera woyamba wa AstraZeneca, wokwana 228,000, anafika mu Epulo 2021, ndipo amene anali nduna ya za umoyo, Dr. Jonas Chanda, anapereka mkono wao poyamba pa cipatala ca UTH mu Lusaka. Ngakhale zinali tero, anthu anabwera mwa apo ndi apo. Mphekesera zoti katemera amaletsa kubereka, kapena kuti ndi cizindikiro ca cilombo, zinali zitakhazikika kale m'mafoni. Mu Okutobala 2021 mtsogoleri Hakainde Hichilema anakhazikitsanso nchito ya katemerayo, ndipo boma linapempha mafumu ndi atsogoleri a mipingo kuti alankhule ndi anthu ao. Mu 2022 linalengeza kuti anthu 70 mwa 100 alionse oyenera katemera anali atalandira. Zikuoneka kuti nduna inatsegula cabe khomo, koma amene analowetsa anthu ndi mfumu ndi m'busa amene amakumana nao pa maliro.

Kwa anthu a mu Livingstone, mphekesera zimenezi zinakhudza mphika. Mu Malichi 2020 ndege zocokera kunja zinaletsedwa kutera pa bwalo la Harry Mwaanga Nkumbula, alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya anasowa, ndipo ogwira nchito m'mahotela, oyendetsa matakisi ndi ogulitsa ziboliboli, ena mwa iwo okhala m'makomboni ngati Nakatindi, anatsala manja ali m'khosi. Mwezi ulionse umene katemera anacedwa unali mwezi wina wopanda malipiro.

Palinso vuto lina: mtsogoleri angalankhule ndi mtima wabwino, koma foni imasankha ciganizo cimodzi cokha. Pa mliri wa kolera umene unayamba mu Lusaka mu Okutobala 2023, bwalo la National Heroes linasandutsidwa malo ocizira odwala, ndipo kutsegulira masukulu kunacedwetsedwa mpaka mu Febuluwale 2024. A Hichilema atayendera bwaloli mu Januwale 2024, ananena kuti ena okhala mothinana m'matauni aganizire zobwerera kumidzi. Ciganizo cimeneco ndico cinagwira moto pa Facebook. Ocirikiza boma ndi otsutsa anakokana, ena akuti mtsogoleri wanena zoona, ena akuti wanyoza osauka. Pa mkangano wonsewo, uthenga wowiritsa madzi, wothira klorini ndi wothamangira ku cipatala munthu akangoyamba kutsegula m'mimba sunali kumveka mofanana.

Mliriwo unapha anthu opitirira 700. Akatswiri a za umoyo anadandaula kuti ambiri mwa iwo anafera kunyumba kapena m'njira, asanafike pamene akanathiridwa madzi m'thupi.